Dazi la Mfumu ndi Pempho Lachinayi

Mumzinda wa Mwabweraliti odzitama ndi ambiri, koma ndi munthu mmodzi yekha amene angadzigugude pachifuwa n'kunena kuti anaimika mfumu padzuwa kwa ola lathunthu, dazi lili pamtetete, thukuta lili chuchuchu, iye atangotseka pakamwa basi. Munthuyo ndi a Kalonji okhoma zidebe. Mukawapeza pashopu pawo akuuzani okha musanakhale n'komwe pansi, ndipo awonjezerapo zoti anawoloka mitsinje khumi ndi iwiri, anagonapo m'ndende za mayiko atatu popanda mlandu, komanso anadyapo ngamila. Za mitsinje ndi ngamila palibe angachitire umboni. Koma za mfumuzo anthu masauzande anaona ndi maso.

A Kalonji anafika mu ufumu wa Tidalipokale kuchokera ku dziko la Kumatanthwe ali ndi hamala, sizasi yodulira malata ndi thalauza limodzi. Patapita zaka 28 anali ndi shopu ya zitseko ziwiri ku Mupitaliti, dera limene kumakhala obwera, ndipo antchito asanu ndi anayi ankagogoda malata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chidebe chilichonse pamjigo, mbaula iliyonse pakhonde, keni iliyonse kudimba, ukaitembenuza unkapeza chizindikiro chawo.

Tsono ku Tidalipokale kuli mwambo umene anthu ake amaunyadira kuposa mbendera. Munthu woleredwa salandira chinthu akangopatsidwa. Amakana katatu, ndipo woperekayo amaumirira kanayi. Ukapatsidwa mpando umati miyendo yako imakonda kuima. Ukapatsidwa nyama umati dzino likuvuta. Wolandira pakoyamba amamutcha fisi, ndipo wosiya kupereka pa kachitatu amamutcha womana. Akuti mkulu wina anamira mumtsinje chifukwa oponya chingwe anatopa ataponya katatu, ndipo pamaliro pake alaliki anamutama kuti wafa ndi ulemu wake wonse.

Mwambowu a Kalonji anauphunzira movutikira. Ali mnyamata anafunsira Nangondo, mtsikana wa kuno konkuno amene ankagulitsa tomato pamsika wa Tsitsaniko. Nangondo anakana. A Kalonji anathokoza monga amachitira kwawo, n'kubwerera kukagogoda malata. M'mawa mwake Nangondo anatulukira pashopu ndi chidebe chimene anachiboola yekha ndi msomali.

"Mundimatire ichi," anatero. "Kodi kwanuko amuna amatopa msanga chonchi?"

Anachiboola katatu chidebecho a Kalonji asanamvetse masamu ake. Kuyambira pamenepo anakhala katswiri wokana. Ankakana tiyi mokoma moti eni mudzi ankatuma ana awo kukaonerera.

Mavuto anayamba chaka chimene mvula inachedwa, feteleza anakwera mtengo, ndipo mlatho umene mfumu inatsegula Lolemba unagwa Lachinayi. Nduna zitafufuza mozama zinapeza kuti zonsezi zinachitika obwera ali mumzinda. Mfumu Musandikakamize Wachitatu inaitanitsa Bwalo la Nduna kuti likambirane za alendo.

Oyamba kuimirira anali a Kamtsekera, Nduna Yoona za Alendo Osachoka.

"Mwini dziko, mlendo ndi shuga," anatero. "Shuga wabwino ukamuthira mu tiyi amasowa. Ukamupeza pansi pa kapu, dziwa kuti wina sanatakase. Ine sindikupempha zambiri. Ndikupempha supuni."

Mayi Nasimango, Nduna ya Magule ndi Maonekedwe, anatsutsa mwamphamvu. Anati alendo ndi maluwa a mzinda, aliyense asunge zakwawo, ndipo Lachisanu lililonse azivala zakwawo n'kumavina paraundabauti kuti odzaona malo aziwajambula. Wina atawakumbutsa kuti ambiri mwa alendowo anabadwira pachipatala cha mumzinda momwemo ndipo magule akwawo sawadziwa, mayiwo anati palibe vuto, boma liwaphunzitsa.

Kenako anayankhula Kalonga Ndilipafupi, mphwake wa mfumu, amene ankayembekezera mpando kwa zaka zambiri moti imvi zinamumera ali pamzere.

"Makolo anati mlendo ndi mame," iye anatero. "Mame akafika masana osakamuka, amenewo si mame, ndi chigumula. Malole alipo, dizilo ndigula ndine."

Nduna ina yokalamba inadzidzimuka kutulo n'kunena kuti makolo omwewo anatinso mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Apo bwalo linasokonekera. Anasankha komiti yoti ikafufuze kuti ndi makolo ati ananena za mame, ndi ati ananena za kalumo, komanso ngati makolowo anali a kuno. Mkangano unatenga masabata asanu ku hotela ya kuphiri. Mlendo yekhayo amene analowa m'chipinda chokambiranamo anali mayi wodzagulitsa samusa, ndipo anamufunsa funso limodzi lokha, loti za nyama zatsala kapena ayi.

Mfumu Musandikakamize sinkakonda kukhumudwitsa nduna, choncho inatapa pang'ono kwa aliyense. Inalamula kuti alendo asungunuke, azivinanso Lachisanu, ndipo amene sapeza Chiphaso cha Mwinimudzi pasanathe masiku makumi asanu ndi limodzi akwezedwe lole mpaka kumalire, katundu wake atsale m'manja mwa boma.

Pamsika wa Tsitsaniko lamulolo linawerengedwa pa chimkuzamawu.

"Ndiye akasungunuka, azivina ndani?" anafunsa wogulitsa makala.

"Lole," anayankha mayi wa usipa.

"Ine nkhawa yanga ndi imodzi," anatero wometa tsitsi. "Akapita onsewa, mlatho ukadzagwanso tidzanamizira yani?"

A Kalonji analibe nkhawa. Anamva kuti mayeso opezera chiphasocho ndi a mwambo wokana, ndipo anaseka mpaka kutsamira pa mulu wa mbaula. Anauza antchito awo kuti akapambana ndi dzanja limodzi lili m'thumba. Anavala suti ya bulauni, n'kukaima pamzere ku ofesi ya a Kamtsekera.

Patsogolo pawo panali telala wina amene anali atangotha zaka zitatu mumzindamo. Kalaliki woonda wa tayi yofupika anamutambasulira chiphaso, telalayo n'kuchilandira ndi manja awiri, mano onse pamtunda.

"Mwalephera," anatero kalaliki, n'kuchilanda. "Mwatola ngati nkhuku. Wotsatira."

A Kalonji anapukusa mutu momvera chisoni, nasendera patebulo.

"Landirani chiphaso chanu, bambo."

"Ayi, achimwene. Ine ndani kuti ndigwire pepala la mfumu ndi manja a dzimbiri awa?"

"Landirani ndithu."

"Apatseni ena ovutika. Ine mthunzi wa mbendera ukundikwanira."

"Landirani, bambo."

"Ndikalandira ndikachisunga pati, mwana wa mayi anga? Nyumba yanga njodontha, mbewa zake n'zophunzira, zimayamba kudya mapepala ofunika."

Anthu pamzere anang'ung'udza mosirira. Kukana kotero kunali kusanamvekepo mu ofesi ya boma. A Kalonji anapukuta manja pa thalauza kukonzekera kachinayi. Kalaliki anatenga chidindo, n'kuchimenya papepala kuti phwa.

"Wakana yekha katatu. Wotsatira."

"Achimwene, mwaiwala kamodzi."

"Sindinaiwale. Fomu ili ndi mabokosi atatu."

A Kalonji anakwera masitepe mpaka kwa Nduna. Ankadziwana, chifukwa migula ya madzi pa nyumba yachitatu ya a Kamtsekera anakhoma ndi iwo. Nduna inawapatsa mpando katatu, moti anafotokoza dandaulo lawo ali chiimire.

"A Kalonji, inu ndinu munthu wanzeru," anatero a Kamtsekera. "Kachinayi ndi ka eni mudzi okhaokha. Ndikakupatsani kachinayi, ndiye kuti ndavomereza kale kuti ndinu mwinimudzi musanalandire chiphaso. Kumeneko n'kuphwanya lamulo."

"Nanga ndikalandira pakoyamba?"

"Ndiye kuti simunasungunuke."

"Tsono apambana angati chiyambireni, bwana?"

"Palibe. N'chifukwa chake tikunena kuti mayesowa alibe chinyengo."

Madzulo a tsiku limenelo pashopu panali zii. Nangondo, amene tsopano anali mayi wa ana aakazi atatu ndi zidzukulu ziwiri, anawapeza amuna ake atakhala pa chidebe chovundikira, suti ikadali m'thupi. Dziko la Kumatanthwe linali litasintha dzina kawiri chichokereni iwo, ndipo pamene panali mudzi wawo panali damu la magetsi. Lole ikanakawatula kumalire, sakanadziwa kolowera. Masiku anali atatsala khumi ndi limodzi.

"Ndiye akuti mukakhale m'madzi?" anafunsa Nangondo.

"Akuti ndipite kwathu."

"Kwanu n'kumene mumadandaula kuti ndiwo zachepa mchere. Vulani sutiyo, mwaikhalira pa girisi." Kenako anati, "Ine ndinaboola chidebe chabwinobwino katatu chifukwa cha inu. Boma lisaganize kuti lingotola."

A Kalonji sanaseke. Sanatchule ngakhale mtsinje umodzi mpaka kukagona, ndipo Nangondo anadziwa kuti zafika pena.

Masiku awiri malole asananyamuke kunali Mwambo Wotula Chisoti, umene umachitika chaka ndi chaka. Dzuwa likafika paliwombo, mfumu imaima pamphasa pakati pa bwalo la masewero, imavula chisoti chake chamkuwa n'kuchiika pansi, imvekere yatopa, ikufuna kukaweta nkhunda kumudzi. Nduna zimaipempha kuti isatule, iyo imakana. Akazi a kunyumba yachifumu amapempha, imakana. Asilikali amapempha, imakana. Pempho lachinayi limachokera kwa anthu wamba odzaza bwalo, ndipo apo mfumu imapukuta misozi n'kuvalanso chisoti. Koma mwambo umati mthunzi wa mlongoti wa mbendera ukakhudza mwala woyera uli chapakatipo pempho lachinayi lisanamveke, chisoti chimapita kwa mphwake.

Zaka zonse bwalo linkadzaza, poti aliyense wobwera ankalandira chitenje, banzi ndi botolo la zakumwa. Chaka chimenechi ndalama za zitenje zinali zitathera ku hotela ya kuphiri kuja. Eni mudzi atamva, aliyense anakumbukira kuti ali ndi maliro kumudzi.

A Kamtsekera ndi amene anapulumutsa zinthu. Analengeza kuti alendo onse olephera mayeso, anthu 3,212, akaonekere pabwalo monga phunziro la kusungunuka. Dzulo lake anawasonkhanitsa kuti ayeserere, ndipo anasankha a Kalonji kukhala otsogolera, poti munthu amene wakhala zaka 28 akuyankhula pakati pa mahamala mawu ake amamveka kutsidya kwa mtsinje.

"Ndikakweza mpango uwu," inatero Nduna, "a Kalonji afuule kuti, Mwini dziko musatisiye amasiye. Kenako nonse mubwereze. Wina aliyense wotsegula pakamwa a Kalonji asanayambe, akwera lole yoyamba. Mwamva?"

"Tikatero zitithandiza pa nkhani ya chiphaso, bwana?" anafunsa telala uja.

"Zimenezo ndi za ofesi ina."

Ofesi inayo inalinso yawo yomwe.

A Kalonji anakweza dzanja. "Bwana, pempho limeneli ndi lachingati?"

"Lachinayi."

"Ehe," anatero a Kalonji, osawonjezera kanthu. Nangondo atamva zoti amuna ake atseka nkhani ndi liwu limodzi, anaganiza zokagulitsa tomato wake kumpanda wa bwalo tsiku la mwambolo, kuti adzionere yekha.

Tsikulo kunacha kopanda ndi kamtambo komwe. Kuseri kwa bwalo malole anali atandandalika kale, oyendetsa akugona pansi pake. Mfumu inafika ndi ng'oma ndi malipenga, inaima pamphasa, inavula chisoti. Dazi lake linawala moti ojambula anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Anthu anga, ndatopa," inatero ndi mawu onjenjemera amene inkayeserera chaka chonse. "Ndisiyeni ndikawete nkhunda."

Nduna zinagwada, zinapempha. Inakana. Akazi analira, anapempha. Inakana. Asilikali anamenya nsapato pansi, anapempha. Inakana, ikugwedeza mutu mwachisoni, dzanja litayamba kale kulunjika kumene kunali chisoti. A Kamtsekera anakweza mpango.

A Kalonji anayang'ana mpangowo ngati akuuona koyamba.

Nduna inaukwezanso. Inaugwedeza. Inadzipukuta nawo kumaso n'kuukwezanso ndi manja awiri. Anthu 3,212 anali duu, maso ali pa a Kalonji, poti palibe ankafuna lole yoyamba. Panamveka mbuzi ikulira kutali ku Mupitaliti.

Masiku ano a Kalonji amati mtima wawo unali m'malo ngati mwala wa pamtsinje. Zoona zake n'zakuti mantha anali atawagwira. Ankamuona bwinobwino Kalonga Ndilipafupi, amene anali atasendeza mpando wake kufupi ndi mwala woyera, akuyeza mutu wake ndi kachingwe. Mthunzi ukanafika pamwalapo, mwini dizilo uja ndi amene akanavala chisoti, ndipo malole sakanadikira n'komwe masiku awiriwo. Komanso akanafuula msanga, mfumu ikanavala chisoti chake n'kuiwala kuti kunja kuno kuli okhoma zidebe. Choncho analuma mano, n'kumawerenga misomali ya pa benchi.

Mphindi makumi awiri zitadutsa, a Kamtsekera anathamangira kumpanda kumene kunali eni mudzi okhawo amene anabwera, ogulitsa malonda.

"Abale anga, fuulani inuyo. Mfumu ikupsa."

"Ife chiphaso chathu n'chogulitsira, bwana," anatero wa mtedza wokazinga. "Chofuulira sitinadule."

"Chaka chatha pakhosi panga panatseguka ndi banzi," anatero wa nzimbe. "Chaka chino pauma."

Nduna inaona Nangondo atakhala pambuyo pa milu ya tomato, ndipo inamuzindikira. Inavula chipewa.

"Mayi, inu ndinu mwana wa kuno, mbumba yeniyeni. Pemphani mfumu isatule."

"Mwaswera bwanji kaye, a Nduna? Kunyumba ali bwanji? Nyumba zonse zitatu?"

Anayankhana moni wonse mpaka wa nkhuku, poti mwambo sulola kudumpha. Kenako Nangondo anati iye ndi munthu wamkazi wosaphunzira, mawu ake sangafike kwa mfumu. Nduna inapemphanso. Anati ali ndi chifuwa chimene chinayamba nthawi ya mvula, ndipo anafotokoza mankhwala onse amene anayesa. Nduna inapempha kachitatu, diso lili ku mthunzi. Anati akaimirira tomato amuba. Apo a Kamtsekera, amene kwa miyezi iwiri anali atazolowera kulekeza pa katatu, anatembenuka okha osadziwa, n'kuponya phazi kubwerera.

"Mwandifulatira, a Nduna," anatero Nangondo. "Mabokosi atha? Ine ndinali nditatsuka kale kukhosi. Tsono mukafuna tiyambirenso pa moni."

Ola linakwana. Dazi la mfumu linali litasanduka lofiirira ngati mphika wotuluka kumene pamoto, ndipo thukuta linkatsika m'makutu n'kumadonthera pamphasa. Mfumu yopanda chisoti siloledwa kulamula kapena kuchoka pamphasa, choncho inangokodola a Kalonji ndi chala ngati munthu woitana wogulitsa nthochi. A Kalonji anayenda pang'onopang'ono, anagwada, anaomba m'manja.

"Iwe ndiwe wa zidebe," inatero mfumu chapansipansi.

"Ndine, Mwini dziko. Chija mumasambira madzi akasiya kunyumba yachifumu ndinakhoma ndine. Sichinadonthepo."

"Pakamwa pako wakhoma ndani?"

"A Nduna, Mwini dziko. Anatiphunzitsa kuti kachinayi ndi ka eni mudzi okhaokha. Ife ndife alendo. Tikafuula tiphwanya lamulo, ndipo chisoti chanu chikhala cholandira kwa anthu osasungunuka. Sitingakuchiteni chipongwe chotero."

Mfumu inayang'ana a Kamtsekera nthawi yaitali ndithu. Kenako inayang'ana mthunzi. Panatsala malo oti n'kuikapo phazi la mwana.

"Chabwino. Nonse ndinu eni mudzi kuyambira pano. Fuula."

"Ayi, Mwini dziko. Ife ndani kuti tilandire ulemu wotere ndi manja a dzimbiri?"

"Usayambe zimenezo pano."

"Tikalandira pakoyamba tilephera mayeso, Mwini dziko. Komanso ine sindingakanire anzanga. Umwinimudzi uli ngati mankhwala, aliyense amamwa yekha. Tilipo 3,212, ndipo aliyense ayenera kukana katatu."

Kalonga Ndilipafupi anaimirira n'kuyamba kukonza kolala. Mkazi wake anali atayamba kale kulandira moni kwa akazi a nduna.

"Ndiye ukufuna ndife?" inafunsa mfumu.

"Kutalitali. Ine ndayenda mayiko ambiri, ndipo kulikonse ndinaona kuti mnansi akasowa moto umamupalira, iye n'kudzakupalira tsiku lina. Tikubwerekani pempho lachinayili lero. Inu mudzatibwezera kuyambira mawa, aliyense payekha, chiphaso chili m'manja mwanu, kanayi, ndi pakamwa panu. Osati kalaliki. Ali ndi mabokosi ochepa."

"Ndavomera," inatero mfumu, a Kalonji asanatseke n'komwe pakamwa.

Chimkuzamawu chinali pafupi, ndipo bwalo lonse linamva. Kumpanda kuja Nangondo anatembenukira kwa wa nzimbe.

"Avomera pakoyamba," anatero. "Kodi a mfumuwa anabwera liti kuno?"

A Kalonji anaimirira, anakoka mpweya wonse wa m'bwalomo, n'kufuula kuti, "Mwini dziko, musatisiye amasiye!" Akhwangwala anabalalika pa denga la bwalo. Anthu 3,212 anabwereza, aliyense ndi katchulidwe ka kwawo, ndipo oyendetsa malole anadzidzimuka n'kugunda mitu ku zitsulo za kunsi kwa malole. Mfumu sinadikire kupukuta misozi monga mwa mwambo. Inatola chisoti ndi manja awiri n'kuchivala. Mkuwa umene wakhala ola lathunthu padzuwa suchita ulemu ndi dazi la munthu, koma mfumu inapirira, ikumwetulira, misozi yeniyeni ikutsika koyamba m'mbiri ya mwambowo. Mthunzi unakhudza mwala. Kalonga Ndilipafupi anapinda kachingwe kake bwinobwino n'kukabweza m'thumba.

M'mawa mwake a Kamtsekera analangiza mfumu kuti lonjezo la munthu wopanda chisoti silimanga boma. Mfumu, mutu utakulungidwa nsalu yonyowa, inawafunsa ngati ndalama za zitenje za chaka chamawa zilipo. Nduna inati komiti ya makolo ija sinamalize ntchito, ikufunika masabata ena asanu kuphiri. Mfumu inawerenga pa zala miyezi yotsala kuti idzaimenso pamphasa paja, ndipo inaitanitsa tebulo, mpando ndi mulu wa ziphaso. A Kamtsekera inawapatsa ntchito yogwira ambulera ndi kuwerenga kuti mfumu yapereka kangati.

Kubwezako kunatenga masiku asanu ndi anayi pakhonde la nyumba yachifumu. Alendo anabwera atakonzeka. Telala uja, amene anatola ngati nkhuku, anakana mwaluso moti pa kachitatu anagwetsa misozi. Mayi wa samusa anati sangalandire chifukwa manja ali ndi mafuta. Mayi Nasimango anapempha kuti olandira azivinako pang'ono zakwawo, koma anthuwo anayankha kuti tsopano kwawo n'kuno, ndipo kuno savina popanda banzi. Pofika tsiku lachisanu mawu a mfumu anali ngati a tambala wachimfine. Pofika lachisanu ndi chitatu ankangomveka kwa amene waika khutu pafupi.

A Kalonji anasankha kukhala omaliza. Anabwera ndi suti ya bulauni ija, Nangondo ali pambali atanyamula fulemu ya malata imene amuna ake anakhoma yoti aikemo chiphaso. Anakana koyamba chifukwa cha dzimbiri. Anakana kachiwiri chifukwa cha ovutika. Anakana kachitatu chifukwa cha mbewa zophunzira zija, ndipo anafotokozako za mbewa za m'mayiko ena zimene anakumana nazo. Mfumu inatambasula chiphaso kachinayi, milomo inagwedera, mawu osamveka.

"Zakwana 12,848," anatero a Kamtsekera. "Ngongole yatha."

A Kalonji anaika chikhatho kukhutu.

"Pepani, Mwini dziko. Zaka 28 za mahamala zinandiwononga makutu. Mwati bwanji?"

Mfumu inawayang'ana. Inayang'ana Nangondo, amene ankapukuta fulemu ndi nsonga ya chitenje ngati sakumva. Inapempha madzi, inamwa, inatsokomola, ndipo ndi kamawu kotsiriza kamene kanatsala mu ufumu wonse wa m'khosi mwake inati, "Landira, wa zidebe."

A Kalonji analandira ndi manja awiri. A Kamtsekera anafufuta nambala ija n'kulemba 12,849.